Tayala Latupa M'mbali: Mafunso ndi Mayankho kwa Oyendetsa Galimoto ku Mangochi

Aliyense woyenda pa msewu wa Liwonde, wa ku Monkey Bay, kapena wokwera phiri kupita ku Namwera ndi ku Chiponde, tsiku lina adzakumana nazo izi. Mwadzuka m'mawa kuti mupukute galimoto, mukupeza tayala lina lamera chotupa m'mbali, ngati wina walowetsa dzira pansi pa labala. Mpweya sunachoke, msomali palibe, tayalalo mwina munagula chaka chomwechi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka pa depoti, kwa omata matayala ndi pakati pa madalaivala a Sienta ndi maminibasi.

Kodi chotupachi n'chiyani kwenikweni?

Amene anamangapo nyumba ya udzu kapena khola la mbuzi amaidziwa linya, ulusi wolimba uja anyamata amausolola m'matayala akutha n'kumagulitsa pa msika. Ulusi wamtundu umenewu ndiwo mafupa a tayala. Labala ndi chovala chabe. M'kati mwa khoma la tayala muli ulusi wambirimbiri, wa polyester, nayiloni kapena rayon, woyalidwa mothithikana kuchokera pa mkombero wina wogwira rimu, kudutsa pansi pa mbali yopondera msewu, mpaka pa mkombero winawo. Pansi pa mbali yopondera msewu anawonjezerapo malamba a mawaya achitsulo. M'mbali mulibe malamba amenewa. Muli ulusi wokhawo, pa galimoto yaing'ono mphasa imodzi kapena ziwiri, chifukwa khomalo liyenera kumapindika kuti galimoto isamagwedeze anthu ngati ngolo.

Tsono mpweya umene tapopera uja sukhala phee, umakankha mbali zonse usana ndi usiku. Pa 2.2 bar (bar ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala), kachigawo ka khoma kofanana ndi chikhatho, masentimita 10 uku ndi 10 uku, kamakankhidwa ndi mphamvu yoposa makilogalamu 200. Amenewo ndi matumba anayi a chimanga. Wosenza mtolo umenewu ndi ulusi uja. Ukaduka pamalo pena, pamatsala labala yekha, ndipo labala ntchito yake n'kutamuka. Mpweya umamutukumula, kapena umapeza mng'alu n'kulowa pakati pa mphasa za tayala. Chimene mukuchiona kunja ndi chimenecho: pamene ulusi unaduka kale.

Nanga ulusi wolimba chonchi umaduka bwanji?

Kawirikawiri ndi kupanidwa. Tayala likagwera m'dzenje la m'mphepete mwakuthwa, kapena likagunda mwala, chitsa, mlomo wa kalavati kapena hampu pa liwiro, limaphwatalala m'kamphindi mpaka rimu kufika pansi. Khoma la tayala limapindika pawiri n'kupanidwa pakati pa chitsulo cha rimu ndi mwala. Zili ngati kuika chingwe pa mwala n'kuchimenya ndi nkhwangwa yobuntha. Labala wakunja amabwerera m'malo ngati palibe chachitika, koma ulusi wam'kati waduka.

Maenje a pa msewu wa phula ndi oopsa kuposa a pa msewu wafumbi. Dzenje la m'dothi limakhala ndi milomo yogumuka, yotsetsereka. La pa phula limakhala ndi mlomo woima njo, wakuthwa, makamaka mbali imene tayala limatulukira. Komanso pa phula ndi pamene timaponda moto. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola ili ndi mphamvu yochuluka kanayi kuposa yothamanga 40, osati kawiri. M'dzinja maenjewa amadzaza madzi, ndipo simungadziwe ngati ndi kachithaphwi chabe kapena ndi chitsime.

Pali china chimene ambiri timalakwitsa: kuponda buleki tili m'kati mwa dzenje. Buleki imaponyera kulemera kwa galimoto kutsogolo, ndiye tayala lakutsogolo limalowa m'dzenje litapsinjika kale. Chepetsani liwiro musanafike, ndipo mukaona kuti simungalizembe, siyani buleki tayala lisanagwere, mulidutse mowongoka. Kulipalasa chammbali n'koipa kwambiri chifukwa mlomo wa dzenje umamenya khoma lenilenilo.

Kukwera pa simenti ya m'mphepete mwa msewu poimika galimoto, kapena kukhulitsa tayala pa ngalande za pa boma, nakonso kumadula ulusi, ngakhale mukuyenda pang'onopang'ono.

Ine sindikukumbukira kuti ndinagunda chinthu. Chotupa changotuluka chokha.

Sichituluka chokha, koma nthawi zina chimachedwa. Ulusi ukhoza kuduka pang'ono lero, wotsalawo n'kumasenza mtolo wa unzake, kenaka n'kumaduka umodziumodzi pamene tayala likuzungulira. Chotupa chimatha kuonekera patapita masiku kapena masabata.

Zinandichitikira ineyo. Ndinkachokera ku Monkey Bay chamadzulo, kachisisira katagwa, ndipo lole ina inabwera ndi magetsi onse, ili pakatikati pa msewu. Ndinathawira kumanzere. Ndinangomva kuti gu! pansi pa mpando wa mnzanga. Ndinaima pa Makawa, ndinaunika ndi tochi ya foni, ndinaponda tayala ndi phazi monga timachitira tonse, osaona kanthu. Patapita masiku anayi mwana wanga ndi amene anandiitana: "Ababa, tayala lanu lili ndi chithupsa." Nditapita kwa womata, anachotsa tayala pa rimu ndi zitsulo zake zija zosulidwa ku masipuling'i a lole, analitembenuzira ku dzuwa n'kunena kuti, "Madala, lowetsani dzanja umu." M'kati, pamalo pa chotupa, munali mng'alu waufupi ngati chala, m'mphepete mwake muli tiulusi toyera tikusuzumira. Pa rimu, molunjika pomwepo, panali popindika pang'ono ndi kachizindikiro kakuda ka labala. Ndipamene ndinakumbukira lole ija.

Ngati galimoto mumabwereketsa, kapena ili ndi dalaivala, funso la amene anagunda limavuta kwambiri. Koma rimu sinama. Yang'anani pamenepo.

Bwanji nthawi zambiri limakhala tayala lakumanzere?

Chifukwa kuno timayenda kumanzere, ndipo msewu umayamba kudyeka m'mphepete. Madzi a mvula amakokolola dothi la m'mbali, phula n'kutsala ngati khonde, lokwera ndi lakuthwa. Podutsana ndi basi, pozemba kabaza kapena mbuzi, matayala akumanzere ndi amene amatsika pamenepo. Kutsikako sikuvuta kwenikweni. Chovuta ndi kubwerera pa phula mwaliwiro, khoma lam'kati la tayala likukhula mlomo wa phula. N'chifukwa chake zotupa zina zimabisala mbali yam'kati imene simuiona mukangozungulira galimoto. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto musuzumire, kapena gwadani muunike.

Kodi mpweya wochepa ukhoza kutupitsa tayala?

Uwu ndiye mnzake wa dzenje, amayenda limodzi. Chimene chimaletsa rimu kufika pansi ndi mpweya. Tayala lopopedwa bwino likhoza kudutsa dzenje limene lofewa lingafere pomwepo. Kupatula apo, tayala lofewa limapindika kwambiri nthawi iliyonse likazungulira, ndipo tayala la galimoto yaing'ono limazungulira kopitirira 500 pa kilomita imodzi. Pindani waya kambirimbiri muone mmene amatenthera asanaduke. Ulusi wa tayala nawo umatopa chimodzimodzi, ndipo kutentha kumaulekanitsa ndi labala amene anaumatirira.

Vuto ndi lakuti matayala a masiku ano saonetsa msanga kuti afewa. Diso ndi phazi sizokwanira, pamafunika geji. Tayala labwinobwino limataya mpweya pang'onopang'ono ngakhale lilibe bowo, choncho kuyeza kamodzi pa masabata awiri, komanso musananyamuke ulendo wa ku Blantyre kapena Lilongwe, si kuwonjeza. Mlingo woyenera unalembedwa pa kapepala kamene kali pa chipilala cha chitseko cha dalaivala. Pa galimoto zochokera ku Japan umalembedwa mu kPa: 230 kPa ndi 2.3 bar, pafupifupi 33 psi. Nambala yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire amene tayalalo lingapirire, si mlingo wa galimoto yanu.

Choipitsitsa ndi kuyenda ndi tayala lophweratu. "Ndingofika pa sitolo paja" wapha matayala ambiri. Mamita mazana ochepa okha amakwana kuti rimu ipere khoma lonse. Womata akatsegula n'kupeza m'kati muli fumbi lakuda ngati makala osinja, tayalalo latha, ngakhale bowo la msomali litamatika bwino. Likapopedwa limadzatupa.

Ndipo inu amene mumaphwetsa matayala kuti mudutse mumchenga wa ku nyanja, n'zoona zimathandiza. Koma popani musanakwere pa phula.

Kuno kukatentha ena amachotsako mpweya kuti tayala lisaphulike. Akulondola?

Ayi. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene phula la Mangochi limawotcha ndi mapazi omwe, mukayeza tayala mutayenda ulendo mupeza mpweya wakwera. Izi n'zachibadwa, ndipo opanga matayala anaziwerengera kale. Mukachotsako, tayalalo likazizira limatsala lofewa, mawa lipindika kwambiri, litentha kwambiri. Mwaitana chimene mumathawa. Tayala limaphulika chifukwa cha mpweya wochepa ndi katundu wambiri kawirikawiri kuposa chifukwa cha mpweya wokwanira. Yezani m'mawa galimoto isanayende, ndipo masana musakhudze.

Kupopa mopyola mlingo nakonso si nzeru. Tayala louma gwa silimeza chigunda, ulusi umalandira nkhonya yonse uli wokokeka kale.

Nanga katundu?

Apa tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani ya galimoto zambiri za matola. Pa khoma la tayala, kumapeto kwa saizi, pali nambala ndi chilembo. Sienta yakale ija imabwera ndi 175/70 R14 84S. Nambala 84 ikutanthauza kuti tayala limodzi lisenze makilogalamu osapitirira 500, ndipo S ndi liwiro losapitirira makilomita 180 pa ola. Nambala 82 ndi makilogalamu 475, 88 ndi 560, 91 ndi 615. Matayala anayi a 84 ndi makilogalamu 2,000 onse pamodzi, atapopedwa mokwanira. Galimotoyo payokha imalemera kupitirira 1,200. Inapangidwira anthu 7. Tsono ikanimo anthu 10, tingoti aliyense makilogalamu 65, ndiwo 650. Onjezani matumba atatu a chimanga, dengu la usipa, ndi chigubu cha mafuta. Mwafika kale pa malire. Komatu kulemerako sikugawika mofanana, kwambiri kumatsamira kumbuyo. Matayala akumbuyo adutsa malire awo musanawoloke ndi mlatho wa Bakili Muluzi womwe, ndipo kutsogolo kukudikira chitunda cha ku Namwera.

Tayala lolemedwa limakhala ngati lofewa: laphwatalala kale, mpata pakati pa rimu ndi msewu wachepa, kadzenje kakang'ono kakwana. Ngati mukudziwa kuti munyamula kwambiri, onani kapepala ka pachitseko kaja, galimoto zambiri zili ndi mlingo wachiwiri wokwererapo wa katundu wodzaza.

A maminibasi, tayala la Hiace liyenera kukhala la katundu, lokhala ndi C kapena LT, monga 195 R15C. La mtundu umenewu lolembedwa 106/104 limasenza makilogalamu 950. Kuvekapo tayala la galimoto yaing'ono chifukwa lalowa pa rimu ndipo n'lotchipa, ndi kusenzetsa mwana mtolo wa bambo ake, muli anthu m'kati.

Ndinaika marimu aakulu okongola. Chiyambireni matayala akungotupa. Zikugwirizana?

Kwambiri. Nambala yachiwiri pa saizi imanena kutalika kwa khoma poyerekeza ndi kufutukuka kwa tayala. Pa 185/65 R15, khoma ndi 65 peresenti ya mamilimita 185, pafupifupi masentimita 12. Pa 215/45 R17 ndi osakwana 10, pa 225/40 R18 ndi 9. Masentimita awiri kapena atatu amenewo ndiwo amasiyanitsa kugwedezeka chabe ndi kugula tayala lina. Matayala afupiafupiwa anapangidwira misewu yosalala. Pa chithunzi cha pa Facebook amaoneka bwino ndithu, ine sindikana. Koma amene amapita ku Malindi ndi ku Lungwena sabata iliyonse abwerere ku saizi imene galimoto inabwera nayo.

Matayala a kaunjika amatupa msanga?

Si onse. Alipo ena amatumikira bwino, ndipo tonse tikudziwa chifukwa chimene anthu amawagulira: thumba. Vuto lake n'lakuti simudziwa mbiri yake. Mizere ikhoza kukhala yakuya, lopakidwa mankhwala lakuda bii, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayala lopanda mpweya silionetsa chotupa. Choncho musalipire lisanavekedwe pa rimu ndi kupopedwa mokwanira, ndipo lisanavekedwe lowetsani dzanja m'kati muzungulire lonse. Mukamva chigamba m'mbali, mng'alu, makwinya kapena fumbi lakuda lija, lisiyeni.

Onaninso zaka. Pa khoma pali mzere woyamba ndi zilembo DOT, kumapeto kwake kuli manambala anayi, kawirikawiri m'kabokosi kozungulira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 2319 ndi sabata la 23 la 2019. Nthawi zina amalembedwa mbali imodzi yokha. Manambala akakhala atatu okha, tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike. Makampani ambiri opanga matayala amalangiza kuti likadutsa zaka 5 lizipimidwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale mizere ilipo. Labala amakalamba, amauma, amasiya kugwirana ndi ulusi, ndipo kutentha ndi dzuwa la kuno kunyanja zimafulumizitsa ukalambawo. Timing'alu tambirimbiri m'mbali, tonga zikang'a za ku chidendene, ndiye chizindikiro chake.

Galimoto zobwera kuchokera ku Japan nthawi zina zimafika ndi matayala a m'chisanu, olembedwa STUDLESS kapena okhala ndi chithunzi cha phiri ndi kanyenyezi ka chipale. Labala wake ndi wofewa, anapangidwira kozizira. Pa phula lathu amatentha ndi kutha msanga.

Sizingakhale kuti tayala linabwera lolakwika kuchokera ku fakitale?

Zimatheka, koma si kawirikawiri monga timafunira kukhulupirira tikakwiya. Vuto la ku fakitale, monga mphasa zosamatana bwino, limakonda kuonekera msanga tayala likadali latsopano, ndipo mukatsegula simupeza mng'alu m'kati, rimu ilibe bala, kunja kulibe mkwasa. Zikakhala choncho bwererani kumene munagula ndi lisiti, tayalalo musanaliboole kapena kulimata. Akapeza chizindikiro cha kugunda, ogulitsa salandira mlandu, ndipo pamenepo sakulakwa.

Palinso zotupa zochokera m'manja mwa anthu. Womata akamakanula tayala ndi zitsulo mwankhanza, kapena kulimenya ndi hamala louma osapaka sopo, akhoza kung'amba mkombero wogwira rimu. Mpweya umalowera pamenepo n'kutukumula khoma pafupi ndi rimu. Mafuta nawo ndi mdani: dizilo, petulo ndi oyilo zimafewetsa ndi kufufumitsa labala. Sipeya yogona m'buti pamodzi ndi chigubu chodontha imawonongeka isanaponde msewu.

Langa silinatupe, koma pali kamzere kolowa m'kati. N'chimodzimodzi?

Ayi, apa mtima m'malo. Popanga tayala, mphasa ya ulusi ija imazungulira n'kukumana, ndipo pokumanirapo imasanjikizana. Pamenepo ulusi ndi wochuluka, choncho sipatamuka ngati pena ponse, pamaoneka kamzere kolowa pang'ono kochokera ku rimu kupita kunja. Polowa m'kati ndi polimba. Potulukira kunja ndi pofooka. Mukakayika yendetsani chikhatho, kapena pitani nalo likatsegulidwe.

Nanga chotupa chikakhala pa mbali yopondera msewu?

Amenewo ndi malamba achitsulo aja alekana ndi labala. Mumazindikira ndi kuvina kwa galimoto poyenda pang'onopang'ono, chiwongolero chikupukusa uku ndi uku ngati mukuyenda pa mafunde a mwera. Kawirikawiri chimayamba ndi bowo la msomali kapena bala la mwala limene linalowetsa madzi, mawaya n'kuchita dzimbiri, kapenanso kutentha ndi ukalamba. Mathero ake ndi amodzimodzi, tayalalo lichoke.

Womata wandiuza kuti akhoza kuikapo chigamba m'kati, kapena chubu. Ndilole?

Musalole. Chigamba chimatseka mpweya, sichilumikiza ulusi. Chubu nayo imangosunga mpweya, koma imakankha khoma lomwe lija ndi mphamvu yomwe ija, ndipo mng'alu wam'kati umaitsina mpaka kuiboola. Ena amaika chidutswa cha tayala lakale m'kati ngati mpanda, ena amasoka ndi linya, ena amawotcha ndi chitsulo chamoto chija. Chotupa chimatha kubwerera pang'ono, maso n'kukhutira, koma m'mbali ndi pamene tayala limapindika kwambiri, ndipo chilichonse chomatidwa pamenepo chimamatuka ndi kutentha. Pa matayala a galimoto zazing'ono, malo ovomerezeka kumata ndi pakati pa mbali yopondera msewu pokha, bowo losaposa mamilimita 6.

Sindikunyoza omata matayala. Ambiri ndi akatswiri amene atiombola pakati pa usiku. Koma nawonso amaona nkhope yanu mukamva mtengo wa latsopano, ndiye amafuna kukuthandizani. Amene ananditsegulira langa uja nditamufunsa za chigamba anaseka: "Ndalama yanu ndilandira, madala, koma ine m'galimotomo sindikwera."

Bwanji ndingoliika kumbuyo, kapena ndilitembenuze chotupa chiyang'ane m'kati?

Kulitembenuza ndi kubisira apolisi a pamsewu ndi oyeza COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu), osati kukonza. Kwenikweni mwadzibisira nokha, chifukwa simudzaonanso chikamakula. Kuliika kumbuyo nakonso si kuthawa. Lakutsogolo likaphulika galimoto imakokera mbali imodzi, koma chiwongolero chili m'manja mwanu, mukhoza kulimbana nayo. Lakumbuyo likaphulika matako a galimoto ndi amene amapendama, ndipo amenewo alibe chiwongolero. Minibasi kapena Sienta yodzaza, ndi katundu pamwamba, imagudubuka mosavuta zikatero.

Kulisunga ngati sipeya? Tsiku limene mudzalifune mudzakhala muli kutali, muli ndi katundu, mwina usiku. Ndi tsiku lomwelo limene mukufuna tayala lodalirika.

Ndachiona ndili kutali, tinene ku Makanjira kapena ku Chembe. Ndingayende nalo mtunda wotani?

Palibe angakulonjezeni. Lina limayenda mwezi, lina limaphulika pa hampu yotsatira, ndipo kukula kwa chotupa sikunena zonse. Ngati muli ndi sipeya yabwino, vekani pomwepo, n'chifukwa chake munainyamula. Ikakhala ija yaing'ono yopyapyala ya m'galimoto za ku Japan, imafuna mpweya wa 420 kPa ndipo isapitirire makilomita 80 pa ola. Pa msewu wa ku Makanjira ngakhale 80 yo musaiganizire n'komwe.

Ngati sipeya palibe ndipo simungachitire mwina, tsitsani katundu ndi anthu amene angakwere ina, yendani pang'onopang'ono ngati muli pa maliro, zembani dzenje lililonse, muziima kuona ngati chikukula, ndipo ulendo wake ukhale wokafika pamene pali tayala, osati wokamaliza ntchito za tsikulo. Musaphwetse poganiza kuti mukuchepetsa chotupa, khomalo lipindika kwambiri. Ndipo musachiboole ndi singano kapena kuweramira nkhope pafupi wina akupopa.

Likaphulika ndili pa liwiro nditani?

Phazi lidzafuna buleki. Likanizeni. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, galimoto iyang'ane kutsogolo, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, ilekeni ichepetse yokha liwiro. Ikafika poti mukuilamulira bwino, ndiye gwirani buleki mofatsa n'kupatukira pambali. Kuponda buleki mwadzidzidzi ndi kukhotetsa mwamphamvu ndi zimene zimasandutsa tayala lophulika kukhala ngozi.

Ndagula lina. Pali chinanso choyenera kuona?

Nkhonya imene inadula ulusi sinathere pa tayala. Rimu ionedwe ngati sinapindike kapena kung'aluka. Yachitsulo imawongoleka, ya aluminiyamu ikang'aluka ndi yotaya. Ngati galimoto yayamba kukokera mbali imodzi kapena chiwongolero chakhala chopendama, pitani ku alignment akawongole kaimidwe ka mawilo, apo ayi tayala latsopanolo lidyeka mbali imodzi. Mashoko akutha nawo amalola galimoto kudzigwetsa yonse pa tayala, choncho amene akusintha matayala otupa kawirikawiri aone mashoko asanadandaule za mtundu wa tayala. Onaninso tayala lakumbuyo la mbali yomweyo, chifukwa dzenje limene linamenya lakutsogolo linalandiranso mnzakeyo.

Latsopanolo likhale la saizi ndi nambala ya katundu yofanana ndi linzake la mbali inayo. Ngati linzakelo latha kwambiri, kusintha onse awiri ndi bwino. Pa galimoto zokoka ndi mawilo onse anayi, kusiyana kwambiri kwa matayala kumavutitsa magiya.

Lotupalo nditaye kuti?

Musanalisiye kwa womata, lidulitseni khoma ndi mpeni inu mukuona. Mukapanda kutero likhoza kupukutidwa, kupakidwa kuti lide, n'kudzapezeka pa mulu wa ogulitsa, ndipo wogula wake akhoza kukhala dalaivala wa minibasi imene mwana wanu amakwera popita ku sukulu. Likadulidwa ntchito silisowa: osoka nkhwayira amalifuna, a maboti amalipachika m'mbali kuti asagundane pa doko, ena amadzalamo maluwa. Kungoti lisagone pabwalo likusunga madzi a mvula, udzudzu wa kuno suchita kuitanidwa kawiri.